Bwalo Likagona, Libwezedwe kwa Mbalame? Mafunso ndi Mayankho a ku Mulanje

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochoka ku Chitakale kulowera ku Muloza, kapena wodzera ku Likhubula kunka ku Phalombe, adziwa kuti m'boma la Mulanje nthaka siikhala chabe. Pakuti pamene tiyi walekeza payamba chimanga, pamene chimanga chalekeza payamba nanazi ndi chinangwa, ndipo anthu oposa 680,000 amene anawerengedwa pa kalembera wa 2018 akhala mothithikana pakati pa minda ya makampani ndi malire a nkhalango ya boma. Komabe ngakhale m'dziko lopanikizika chotero mupezeka timalo togona: bwalo la mpira limene sukulu inalisiya itapeza lina, bwalo la ntchemberembaye kuseri kwa tchalitchi, kapinga wa pa esiteti amene sametedwanso. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wanzeru ayenera kufunsa akamva kuti anzake afuna kusandutsa malo otere akhale mudzi wa mbalame, tizilombo ndi mitengo yachilengedwe, ndi manja awo okha, popanda malipiro.

Funso: Kodi bwalo la kapinga si chilengedwe kale? Lili lobiriwira ndithu, nanga lisowanji?

Yankho: Lisowa pafupifupi zonse zimene chamoyo chifuna kuti chikhazikike, ndizo chakudya, pobisala, madzi ndi poberekera. Kapinga wa pabwalo ndi udzu wa mtundu umodzi, wometedwa usanatulutse ngala, kotero kuti mpheta sipezapo njere, njuchi sipezapo duwa, ndipo nanzikambe, amene moyo wake wonse uli pa nthambi, alibe pogwira. Pansi pake, nthaka imene yapondedwa ndi mapazi a osewera zaka zambiri imagwirana n'kuuma gwa, nyongolotsi ziithawa, ndipo mvula ikagwa mwamphamvu monga igwera kuno, madzi salowa pansi koma athamangira kukhwawa atakokolola dothi la m'mbali. Pamene ana akali kusewerapo, kusowa kwa zamoyo kumeneku tikuvomereza ndi mtima wonse, pakuti bwalolo lili ndi ntchito yake yolemekezeka. Koma masewera akaleka, nsanamira za magolo zitadyedwa ndi chiswe, titsala ndi dothi louma lopanda amene limthandiza.

Funso: Phiri lonse la Mulanje lili apo, lotetezedwa ndi boma, ndipo mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Kachidutswa ka bwalo la mpira kadzawonjezapo chiyani?

Yankho: Funso ili ndi lalikulu, ndipo aliyankhe ndi mkungudza. Mtengo umenewu, umene mwachilengedwe umera pa phiri la Mulanje pokha, umenenso unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, unali m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ndi lamulo kuyambira 1927. Koma lamulo lolembedwa silinathe kuletsa macheka a odula matabwa mozemba, kapena lupsa la chaka ndi chaka limene linkapsereza mbande zake, kapena nsabwe za mitengo zimene zinalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980, kufikira kuti akatswiri amene anayendera phirilo mu 2017 anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha, ndipo chaka chotsatira nayonso inali itagwetsedwa. Tsono chipulumutso chinachokera kuti? Chinachokera kunja kwa mpanda. Mikungudza imene a zankhalango anabzala pa phiri la Zomba m'masiku a atsamunda ndiyo inapereka mbewu, ndipo mbewuzo zinafesedwa m'nazale khumi za anthu a m'midzi yozungulira phiri, pa ntchito imene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linaigwira kuyambira 2016 pamodzi ndi a Forestry Research Institute of Malawi ndi a Botanic Gardens Conservation International, mpaka mbande zoposa 500,000 zinasenzedwa kukwera nazo kwawo kumapiri. Chinthu chosungidwa pamalo amodzi okha, ngakhale malowo akhale aakulu ndi otchuka chotani, chili m'manja mwa tsoka limodzi.

Palinso china. Zamoyo zambiri sizikhala pamwamba pa phiri chaka chonse. Mbalame zina za m'nkhalango zimatsikira kunsi m'miyezi yozizira, ndipo mileme yodya zipatso imauluka usiku kufunafuna mkuyu wakupsa, nitaya njere zake pamene yadutsa. Kale zotsikazo zinkapeza thengo m'tsinde monse. Lero zipeza denga la malata ndi mizere ya chimanga. Timisitu tating'ono tomwazikana m'chigwa tili kwa izo monga miyala imene munthu aponda powoloka mtsinje wa Likhubula madzi ataphwa: mwala umodzi suli mlatho, koma ukachotsedwa umodzi wa pakati, ulendo uthera pomwepo. Ndipo umboni wakuti kachidutswa kakhoza kusunga zambiri makolo anatisiyira m'mudzi uliwonse, ndiwo msitu wa kumanda. M'midzi yambiri ndi kumanda kokha kumene kwatsala mitengo ikuluikulu yachilengedwe, si chifukwa cha mlonda kapena chindapusa cha boma, koma chifukwa anthu onse anagwirizana mumtima kuti nkhwangwa siilowako wamba. Ndipo amene anaimako m'mamawa adziwa kuti mbalame za mudzi wonse zilira kumeneko.

Funso: Nanga ana akasewera kuti? Ndipo m'boma limene mabanja akulima timinda tosakwana, si nkhanza kupereka nthaka kwa agulugufe?

Yankho: Pa ichi ndinena mosapsatira: bwalo limene pakumveka phokoso la ana lisakhudzidwe. Mulanje Park, pamene timu ya FOMO inalandirira matimu akuluakulu a Super League mu 2024, ndi mabwalo onse a m'masukulu amene fumbi lake limabuka madzulo, ali kale pa ntchito yopatulika, ndipo wobzala mtengo pakati pa bwalo lamoyo adzutsa chidani chimene chidzagwera mtengowo. Tikunena za bwalo logona, limene achinyamata eni ake, atafunsidwa pagulu, avomereza kuti salifunanso. Ngati akayika, pali njira ya pakati, ndiyo kusiya pakati poyera ndi kubzala m'mphepete monse mizere itatu kapena inayi, imene idzapatsa oonerera mthunzi ndi mbalame pogona.

Wofunsa za chimanga nayenso asayankhidwe mwamwano, pakuti njala si nthano kuno. Koma tilingalire bwino: bwalo limodzi la dothi logwirana likagawidwa, lidzadyetsa khomo limodzi kapena awiri, ndipo otsalawo adzangotola mkangano, pamene likasanduka msitu wa onse, lidzapatsa mudzi udzu wofolera, bowa wa m'dzinja, masuku ndi mpoza kwa ana, uchi, mankhwala a makolo ndi nkhuni za nthambi zouma, chaka ndi chaka, osathira feteleza.

Funso: Tikafuna kuyamba, tigogode pa khomo la yani?

Yankho: Safunsa anadya phula. Malo alionse ali ndi mwini, ngakhale amene aoneka otayika. Ngati bwalo lili pa nthaka ya makolo, nkhani iyambire kwa a nyakwawa, ikwere kwa a gulupu, ndipo ikafike kwa mfumu yaikulu ya deralo, kaya ndi a Mabuka, a Nkanda, a Chikumbu kapena ena. Ngati ndi la sukulu, a komiti ndi aphunzitsi aakulu. Ngati ndi la mpingo, akuluampingo. Ngati lili pa boma, a khonsolo. Ngati ndi la esiteti, oyang'anira ake. Lamulo la zankhalango la 1997 lilola mfumu ya mudzi kupatula malo akhale nkhalango ya m'mudzi, yoyang'aniridwa ndi komiti yosankhidwa ndi anthu, ndipo alangizi a zankhalango a paboma alipo kuti athandize pa zimenezi. Malire aonetsedwe masana pamaso pa mboni, ndipo pangano lilembedwe, lonena womweta udzu, wothyola zipatso, ndi mlandu wa mwini mbuzi yolowamo. Chifukwa malo amene lero palibe awafuna adzapeza eni ambiri mitengo ikadzakula.

Funso: Chilolezo chapezeka, makasu ali m'manja. Ntchito yoyamba ndi iti?

Yankho: Ntchito yoyamba ndiyo kuika makasu pansi, ndipo ndidziwa kuti mawu awa ndi olemera kwa anthu amene mtima wawo ukutentha. M'buku la Levitiko muli lamulo lakuti nthaka nayo ipumule chaka chachisanu ndi chiwiri, yosalimidwa ndi yosafesedwa. Ndipo nzeru yomweyo igwira ntchito pano, pakuti bwalo likatchingidwa ku mbuzi ndi ku moto dzinja limodzi lathunthu, lidzaulula lokha zimene labisa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mphepete mwa mabwalo ambiri muli zitsa ndi mizu ya mitengo imene inadulidwa polambula malowo, chitimbe, mpoza, mombo, mphakasa, imene yakhala ikuphuka ndi kudulidwa, kuphuka ndi kudulidwa, koma yosafa. Ndipo mphukira yotere, pokhala ndi mizu yakale yozama, ipirira chilimwe chimene chipha mbande ya m'chubu. Pa chitsa chilichonse musankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina zonse muzisadze, kuti mphamvu ipite kwa zosankhidwazo. Njira imeneyi si yachabe ayi: ku Niger, m'dera la Maradi, Tony Rinaudo anayamba kuilimbikitsa pakati pa alimi mu 1983, ndipo mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni m'dziko louma koposa lathu, yambiri yosabzalidwa ndi munthu.

Pakati pa bwalo, pamene nthaka inafa ndi kupondedwa, ndipo pafunika thukuta. Musagalauze bwalo lonse, chifukwa dothi lovundukulidwa nthawi imodzi lidzapita ndi mvula yoyamba. Koma mukumbe maenje otakasuka apa ndi apo, muthiremo manyowa ndi dothi lakuda pang'ono lotapa pansi pa mitengo yachilengedwe, pakuti msuku ndi mombo zimakula mothandizana ndi bowa wa m'nthaka, ndipo popanda iye zimapinimbira. Masamba ouma, mapesi ndi udzu womweta zisatenthedwe, ziyalidwe pansi kuti zisunge chinyezi ndi kuitana bongololo ndi nyongolotsi. Tizilombo timeneti tisanyozeke. Ku Mombasa m'dziko la Kenya, pamene kampani ya simenti ya Bamburi inasiya maenje a miyala opanda ndi udzu womwe, René Haller anayamba kubzala mitengo yopirira mu 1971, nabweretsa abongololo kuti adye masamba ake ogwa ndi kuwasandutsa dothi. Ndipo lero pamalopo pali nkhalango yotchedwa Haller Park. Ngati thanthwe losweka linatha kubala msitu, bwalo la ku Mulanje, limene lilandira mvula yambiri ndi chiperoni chothirira mbande m'miyezi yozizira, lilibe chowiringula.

Chigawo chimodzi chisiyidwe poyera, pa udzu wautali monga tsekera ndi maluwa akutchire, chifukwa si zamoyo zonse zikonda mthunzi. Agulugufe, ziwala, mpheta ndi nkhwali zifuna dzuwa. Chipika chowola chisiyidwe pamene chagwa, ndi mulu wa miyala pakona, zikhale nyumba za abuluzi ndi achule.

Funso: Bwanji osangobzala bulugamu kapena paini, zimene zikula msanga ndipo zili ndi msika? Kapena mkungudza womwewo, popeza ndiwo ulemerero wathu?

Yankho: Bulugamu ali ndi malo ake, ndipo mafakitale a tiyi, amene amaumitsa masamba ndi nkhuni, sakadayenda popanda minda ya mitengo yotere, koma pansi pa bulugamu pamera zochepa, amamwa madzi ambiri, ndipo mbalame zathu sizipeza chipatso mwa iye. Za paini phiri lenilenilo lichitira umboni: mtundu wochokera ku Mexico umene unabzalidwa pamwamba pake unadzifesa wokha n'kulanda malo a zomera za kumeneko, kotero kuti anthu anagwira ntchito yowawa zaka zambiri kuuchotsa. Mkungudza nawo, ngakhale tiukonde chotani, kwawo ndi kumtunda kozizira kwa nkhungu, ndipo m'chigwa chotentha umavutika. Tiusiyire a nazale amene adziwa kuulera ndi kuukweza.

M'tsinde mwa phiri mufunika mitengo ya m'tsinde. Pouma pabzalidwe msuku, mombo, muwanga, mlombwa, nthudza ndi muwale, umene maluwa ake ofiira aitana timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa nthawi imene thengo lonse lili louma. Ponyowa pabzalidwe mbawa, nyowe, mpasa ndi nsungwi zathu zachikuda. Mtangatanga ukula msanga, nupereka mthunzi wolerera inzake. Ndipo pa bwalo lililonse pasasowe mkuyu ngakhale umodzi, patali ndi nyumba chifukwa cha mizu yake, pakuti palibe mtengo wina umene udyetsa mitundu yambiri ya mbalame, mileme ndi agologolo monga uwu, ndipo odzadyawo adzabwera ndi njere za mitengo ina imene inu simunaiganize. Nyengo yobzala mitengo imene boma linaika iyamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma wanzeru abzala kumayambiriro, nthaka itangonyowa bwino, kuti mizu izame mvula isanathe, m'mera m'poyamba. Mbande 200 zoleredwa bwino ziposa zikwi zobzalidwa tsiku la mwambo n'kuiwalika.

Funso: Kodi sitikuitana njoka, udzudzu ndi akadzidzi pakhomo pa sukulu?

Yankho: Walira mvula walira matope, ndipo kungakhale kunama kunena kuti thengo lidzabwera ndi zokoma zokhazokha. Njoka zidzakhalamo. Chifukwa chake tinjira ta m'katimo tikhale totakasuka ndi tolambulidwa, pakati pa msitu ndi makalasi pakhale mpata woyera, ndipo ana aphunzitsidwe kuyang'ana poponda, makamaka chifukwa cha mphiri, imene sithawa munthu. Wolumidwa athamangitsidwe naye kuchipatala osataya nthawi. Koma tikumbukenso kuti njoka zambiri zilibe ululu wopha munthu, ndipo izo pamodzi ndi kadzidzi, amene tamunamizira zambiri, ndizo zichepetsa makoswe otha chimanga m'nkhokwe.

Za madzi ndichenjeza kolimba. Kumaiko ozizira okonza malo otere amayamba ndi kukumba dziwe. Kuno, kumene malungo atitengera ana chaka ndi chaka, chithaphwi chosayenda pafupi ndi nyumba ndi choopsa, ndiponso mwana wamng'ono akhoza kugweramo. Kuli bwino kukumba ngalande zopingasa motsata kutsetsereka kwa malo, zobzalidwa vetiva m'milambala, zimene zigwira madzi a mvula ndi kuwamwetsa nthaka m'masiku ochepa, mphutsi za udzudzu zisanakhwime.

Funso: Mukuti tigwire ntchito popanda malipiro. Kodi imeneyi si thangata wabwereranso ndi dzina lina?

Yankho: Munthu wa ku Mulanje ali ndi ufulu wonse wofunsa chotere, pakuti agogo ake, makamaka Alhomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique nakhala pa minda ya azungu, analipira malo ogona ndi thukuta lawo, ndipo goli limenelo linali limodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Chilonda chotere sichipola ndi mawu okoma. Koma thangata anali wokakamiza, pa nthaka ya mwini wina, ndipo phindu linkapita kwa mwiniyo. Pamene ntchito imene tikunenayi ndi mbale wake wa dima, pamene anansi ankasonkhana mwa kufuna kwawo kulima munda wa mnzawo, podziwa kuti mawa adzalima wawo. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati ogwira ntchito ndiwo apanga malamulo a malowo, ndiwonso adya zipatso zake, ndipo wofuna kuleka aleka popanda chilango, imeneyo si thangata. Ngati wina adzabwera kudzajambula zithunzi ndi kukapemphera ndalama kunja pa thukuta la anthu osadziwa, pamenepo funsoli lifunsidwenso mokweza.

Mutu umodzi susenza denga, komanso denga lisasenzetsedwe amayi okha, amene kawirikawiri ndiwo atsala ndi ndowa yothirira abambo atatha kulankhula pa msonkhano. Ntchito igawidwe mwachilungamo, ikhale ya maola ochepa, ndipo isagwe m'masabata a kubzala ndi kupalira m'minda. Ana a sukulu ali ndi gawo lawo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene chiyambi chake ndi cha mu 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'masukulu, ndipo kalabu yotere ikapatsidwa kope lolembamo mbalame ndi maluwa amene aoneka mwezi ndi mwezi, ipeza kalasi loposa la njerwa. Kumene ntchito ili yolemera ndi ya tsiku ndi tsiku, monga inalili ya nazale za mkungudza, kumene olera mbande ankalandirapo ndalama, malipiro ndi oyenera ndithu.

Funso: Tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, ndipo akulu akumbuka napolo wa ku Phalombe wa 1991. Kodi timisitu totere tidzatiteteza?

Yankho: Ayi, sitidzaletsa napolo. Pamene mbali ya phiri yakhuta madzi n'kugumuka ndi miyala yaikulu kuposa nyumba, palibe msitu wa pa bwalo la mpira ungaimitse, ndipo wolonjeza zotere anyenga anthu olira. Chimene tingathe ndi chaching'ono koma choona: kumwetsa nthaka madzi a mvula ya masiku onse, kuchepetsa kukokoloka kwa dothi, ndi kupatsa mudzi udzu, nsungwi ndi nkhuni pafupi, kuti ocheperako akwere kukadula m'mapiri.

Funso: Tidzayamba liti kuona zipatso za ntchito yathu, ndipo chingaiwononge n'chiyani?

Yankho: Udzu wautali, maluwa, agulugufe ndi ziwala zidza dzinja loyamba lomwe, mpheta ndi apumbwa azitsata posachedwa, mphukira za pa zitsa zipitirira msinkhu wa munthu m'zaka zochepa, koma msuku ufuna zaka zingapo usanabale, ndipo mbawa ndi mlombwa abzala ndi agogo kuti adzadule ndi adzukulu. Mdani wamkulu pa zaka zonsezi ndi moto. Lupsa limodzi la mu Okutobala, loyatsidwa ndi mnyamata wosaka mbewa kapena wotentha mapesi m'munda woyandikana, likhoza kutha m'ola limodzi zimene manja ambiri analera zaka zitatu. Chifukwa chake udzu wofolera umwetedwe mu Juni ndi Julayi, usanaumitsitse, ndipo mugawane monga mwa pangano. Kuzungulira malo onse kulambulidwe mpata wotakasuka wotchinga moto. Mbande iliyonse ipaliridwe m'tsinde. Ndipo kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba pakhale ndandanda ya oyang'anira, khomo ndi khomo, yowerengedwa pamaso pa amfumu. Mbuzi nazo zimasulidwa m'miyezi yomweyo anthu atakolola, kotero mpanda wa minga kapena wa mitengo yophuka uyenderedwe ndi kutsekedwa mipata yake chimanga chisanachoke m'munda.